Kabotolo ka Miyezi Itatu

"Kabotolo kanga kali kuti?" anafunsa Dokotala, akuvundula madzi oundana m'chidebe.

Kwa miyezi itatu anakhala akuweta mabakiteriya mu labu, kuwaphwanya ndi kusefa, mpaka anapeza timadontho ta puloteni yoopsa yotchedwa prion, n'kutisunga m'kabotoloko. Anali atangotuluka pang'ono kukaitana abwana kuti adzaone.

Mayi otsuka ziwiya analoza pepala la pakhoma, lomwe Dokotalayo analemba yekha: chilichonse chokhudzana ndi puloteni imeneyi chiviikidwe m'bulichi, mankhwala oiwononga.

"Mayi, ine ndimanena ziwiya zakuda."

"Simunalembe choncho, bambo. Ndipo mmene mumakanyadira muja, ndinadziwa kuti puloteniyo yadzaza m'menemo. Ndakatsegula n'kukaviika kawiri."

Abwana anawerenga pepalalo n'kugwedeza mutu. "Mu labu muno, otsatira malamulo ndi mayiwa okha."