Mzime Ali mu Dekoda

Wamagetsi anamasula sikuluu yomaliza n'kuchotsa chivundikiro cha dekoda. Mkati munali fumbi lokhalokha. Amayi ake anakhala moyang'anizana naye, rimoti ili pamiyendo, maso ali pa manja ake ngati munthu wodikirira matenda.

"Pang'onopang'ono, mwananga. Mng'ono wako ali m'menemo."

"Musade nkhawa, amayi. Ntchito yanga ndi imeneyi."

Mng'ono wakeyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, anasowa chaka chatha. Anatuluka m'mawa bwinobwino, osabwereranso. Anamufuna kuzipatala, kumochale, kupolisi, koma kunali zii. Chimene chinatsala ndi nkhani za pa TV za tsiku lomwelo, zomwe dekodayo inajambula yokha monga inkachitira masiku onse. Atolankhani anali kudepoti kujambula anthu osowa mabasi, ndipo m'chigulu cha anthucho munadutsa Mzime, jekete ili paphewa, akulankhula ndi munthu amene sankaoneka.

Kanema ameneyu ndiye anasanduka mankhwala a amayiwo. Mlendo aliyense ankamuonera, afune asafune. Nkhope ya Mzime ikangofika m'mphepete mwa sikirini, iwo ankadina rimoti n'kubweza m'mbuyo, mwana wawo n'kudutsanso. Alendo ankangopukusa mitu, ena n'kulira nawo.

Tsono dekodayo inayamba kutsokomola. Inkati ikayaka, izime, ikazima, iyake mochita kunyengerera. A kuwailesi ya kanema anati zakale ngati zimenezo anafufuta. Mayi wapolisi amene anangolandira kumene nkhaniyi anapempha kuti kanemayo amuikire pa fulashi, koma opanga madekoda anakhoma zinthu zawo moti chojambulidwa sichituluka m'bokosimo. Ndipo amayiwo analumbira kuti dekoda yawo sidutsa pakhomo, ngakhale kufika pakhonde penipenipo.

Apa m'pamene Wamagetsi anadzipereka. Anapempha tchuthi kuntchito, nabwera ndi chikwama chake cha zida. Aneba anamuyamikira kuti kubala mwana n'kumeneku. Inde, anyamata awiriwa ankakangana za nyumbayi bambo awo atamwalira, wamkulu akuti igulitsidwe, wamng'ono akuti zosatheka. Koma chibale n'fupa, sichiola. Chisowereni Mzime, amene ankathamanga uku ndi uku anali yemweyu. Ankadziimba mlandu kuti tsiku limenelo anatandala pamwamba pa mapolo, kutali, osadziwa chilichonse.

Anagwira timawaya tiwiri ndi dzanja lamanzere n'kutiwotcherera mosamala. Dzanjalo linali ndi zala zinayi. Chachisanu chinatsalira pa polo yamagetsi kalekale, ndipo mwini wake ankakonda kuseka kuti anapereka chakhumi. Lero sanaseke. Thukuta linkadontha patebulo, iye osapukuta n'komwe.

Analowetsa pulogalamu ina mu dekodamo, kenako anakoka chingwe chachitali kuchoka pabalaza kukafika pa rauta ya intaneti ya m'kolido. Atatsegula laputopu, dzina la dekoda linatulukira pa netiweki ya m'nyumbamo.

"Yaoneka, amayi. Tsopano Mzime asamuka."

"Asamuke yense," anatero amayiwo. "Usasiyeko kanthu."

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa sikirini. Kanaima pang'ono, kenako kanapitirira. Pabalaza pankangomveka kulira kwa filiji ya kukhitchini. Kamzereko katafika kumapeto, Wamagetsi anapumira m'mwamba, natembenuzira laputopu kwa iye yekha.

"Ndiyeretseko chithunzichi pang'ono, kuti apolisi aione bwino nkhopeyo."

Amayiwo anangogwedeza mutu. Za makompyuta sankazidziwa, ndipo sanafunse. Iye anadinadina kwa kanthawi, kenako anabwerera ku dekoda kuti atseke. Anangokhudza penapake ndi sikuludiraiva, mkatimo n'kumveka kuti phu! Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza pabalaza.

"Yafa," anatero, akugwira m'mutu. "Koma tachita mwayi, amayi. Tikanachedwa pang'ono bwenzi tikulira."

Anawaikira laputopu pamiyendo n'kuwaonetsa podina. Depoti inaonekera, yowala kuposa kale. Anthu anali pamzere ndi katundu wawo, mtolankhani akuyankhula zake. Kenako Mzime anadutsa, jekete paphewa, wamoyo ngati dzulo. Misozi inatsika m'masaya mwa amayiwo, mwana wawo wamkulu n'kuwagwira paphewa. Zinali zomvetsa chisoni kuwaona awiriwo, otsala okha a banja lonse.

Nkhope ya Mzime inafika m'mphepete mwa sikirini. Ulendo uno amayiwo sanabweze m'mbuyo. Anapinda manja n'kudikira. Sikirini inangoda bii.

"Yathera pamenepa?"

"Pomwepo, amayi. Kutsogoloku kunalibe kanthu."

Amayiwo anachotsa dzanja lija paphewa pawo pang'onopang'ono, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Kunali kanthu. Ndikakhala ndekha sindibweza m'mbuyo, ndipo dzana tinaonera mpaka kumapeto ndi mayi wapolisi uja. Kamera imatembenuka, n'kuonetsa dzanja la zala zinayi likumukokera Mzime m'galimoto. Chaka chonsechi ndakhala ndikudziuza kuti a zala zinayi ndi ambiri padziko pano. Koma amene wadula kanemayu ndiwe, mwananga."