Kamwana ka Nkhanga m'Munda wa Mapira

Padangokhala mbalame zimene zinkalera ana m'munda umodzi wa mapira. Zinapangana kuti mayi akamaitana ana ake, mawu asapitirire chulu chapafupi, kuti anzake nawonso azimvana ndi awo.

Nkhanga sanagwirizane nazo. Ankaopa mphamba, ndipo mwana akangobisika kuseri kwa phesi, ankamuitana mokuwa kwambiri.

"Achemwali, tsitsaniko mawu," anatero Nkhwali. "Angawa sakundimva."

"Kwezani mawu anuwo. Ine ana sindinachite kutola."

Nkhwali anakweza, Nkhanga anawonjeza, mpaka munda wonse unasanduka msika. Pocheuka, Nkhanga anaona kuti kamwana kake kamodzi palibe. Anakuwa mpaka kukhosi kuwawa.

"Kakukumvanitu kameneko," anatero Nkhwali. "Koma inu mukamva bwanji? Kakhosi kake n'kochepa ngati udzu."

Nkhanga anakhala chete monyinyirika, anzake nawonso anatero. Pamenepo kulira kwapansipansi kunamveka pansi pa tsamba la dzungu, pafupi ndi mapazi ake. Kamwana kaja kanali kakuyankha nthawi yonseyo.

Mantha a Nkhanga sanathe mpaka lero, ndipo nthawi zina amakuwabe. Koma akaitana kamodzi amayamba waima, n'kupendeketsa mutu, kudikira yankho.

Yanga yathera pamenepa.