Bokosi la Sipika Lomwe Linanunkhitsa Tiyi

Panali munthu wina dzina lake Yesaya, kalipentala wa pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, cha m'ma 1961. Amene anandiuza nkhaniyi akuti amalume ake ankagwira naye ntchito. Yesaya ankakhoma mabokosi otumizira tiyi kunja. Iye ndi mkazi wake Anesi anabadwira m'nyumba za kampani pomwepo, makolo awo atachokera kwa Apwitikizi. Mudzi wina woti n'kuthawirako analibe. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo izi ankazidziwa bwino lomwe.

Ukwati wa mwana wawo Rhoda unali mu Julaye. Yesaya anali ndi sipika yomwe anachotsa m'wailesi yakufa ya bwana, ndipo ankafuna kuti tsikulo nyimbo za galamafoni zikamveke mpaka kutsidya. Bokosi lamakona loikamo sipikayo analikana. "Amenewo ndakhoma zaka makumi awiri, ndatopa nawo," anatero. Ankafuna lozungulira ngati mtsuko.

Makaniko wina wa ku Limbe, Dickson, anabwera kudzamata denga la lole ya kampani ndi nsalu yagalasi, ija amati faibagalasi. Zotsala anampatsa Yesaya: nsalu, chitini cha utomoni ndi kabotolo ka mankhwala oumitsira.

"Muumbe chikombole cha dothi la pachulu, muchipake polishi kuti zisakakamire, kenako muziyala nsalu n'kumapaka utomoni," anatero Dickson. "Koma achimwene, muchitire panja. Fungo lake limalowerera paliponse."

Yesaya anaumba chikombole kuseri kwa nyumba, n'kuyala nsalu katatu. Mikono inamuyabwa mpaka kutuluka zidzolo, koma sanasamale. Ndiye mukuidziwa Thyolo mu Juni. Chiperoni chinagwa, dzuwa osaoneka masiku asanu, bokosi lili nyatanyata osauma. Analiika pafupi ndi moto kukhitchini.

"Abambo a Rhoda, tulutsani chinthu chanuchi," anatero Anesi. "Ufa ukununkha, mchere ukununkha. Ine mutu wandipweteka kuyambira dzana."

Yesaya anapita kwa mnzake Amosi, amene ankasonkha moto wa makina oumitsira tiyi kufakitale.

"Achimwene, chipinda chija mumasungamo tiyi wouma chimakhalabe chofunda mpaka Lolemba. Ndikaikemo bokosi langa masiku awiri okha."

"Iyayi," anatero Amosi. "Lamulo mukulidziwa. Wasamba sopo wonunkhira amabwezedwa pakhomo. Wanyamula nsomba zouma m'thumba amabwezedwa. Fodya sayandikira. Tiyi ndi wakuba, amaba fungo lililonse lomwe wagona nalo."

"Ndilikulunga m'chiguduli."

"Ngakhale mulikulunge m'bulangete. Uzani akwaya aimbe ndi pakamwa, ukwati uchitika."

Koma aaa, anthufe tikafuna chinthu makutu amatsekeka. Chitseko cha shedi ya akalipentala chinkalowa m'chipinda chomwecho, ndipo kiyi anali ndi Yesaya. Loweruka masana anthu ataweruka, analowetsa bokosi lake n'kulikhazika pakati pa mabokosi makumi asanu ndi limodzi a tiyi, amene ankadikira kukhomedwa zivundikiro.

Lolemba anafika woyamba. Bokosi linali litauma gwa! Atagumula dothi la mkati, linatuluka losalala, lokhota bwino, moti ukaligogoda linkalira. Ananunkhiza m'chipindamo, osamva kanthu. Akanamva bwanji, mphuno yake itazolowera fungolo milungu iwiri? Analibisa bokosilo mushedi, n'kukhoma zivundikiro zonse akuimba mluzu.

Lachitatu mzungu wolawa tiyi anafika ndi timakapu take. Anamwa pang'ono, n'kulavula. Anatenga kapu ina, n'kulavulanso.

"Tiyi uyu akununkha penti. Tsegulani mabokosi onse."

Anatsegula loyamba, fungo. Lakhumi, fungo. Lakumapeto kwenikweni, fungo lomwelo. Tiyi amene azimayi anathyola akunjenjemera m'mamawa, mwezi wathunthu, yense anawonongeka. Pansi anapezapo timadontho touma tomatirira ulusi wagalasi. Kapitawo sanafunse n'komwe. Anangoyang'ana anthu ali pamzere, n'kuona Yesaya akukanda mikono.

Bwana sanakalipe. Anamuuza kuti anyamule yekha mabokosiwo kukakhuthula kudzenje, ndipo anatero kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anzake akuyang'ana kumbali. Amosi anangopukusa mutu. Atatha, kalaliki anamupatsa kalata: ntchito yatha, nyumba atulukemo pofika Lachisanu.

Anafika kunyumba madzulo. Anesi anali atamva kale, ndipo Yesaya anamupeza akumanga mbale m'chitenje. Sanalire, sanakalipe. Anali wotopa basi.

"Akuchimuna atumiza mawu," anatero Anesi. "Akuti ukwati uchitikire kwawo ku Mphuka. Rhoda ndiye wapeza kolowera."

"Ifenso tipita ku Bvumbwe, amake Rhoda. Kalipentala sasowa ntchito."

"Ntchito mwina mukaipeza. Koma ana athu awiri agona kumanda a kampani uko, pafupi ndi amayi anu. Mlonda wandiuza kuti wochotsedwa ntchito saloledwanso kudutsa pageti. Ndiye ndiuzeni, abambo a Rhoda, manda ajawa azikalambula ndani?"

Yesaya anatuluka panja. Anakhala pansi pakhonde, manja ali m'mutu. Lachisanu anatuluka pageti wapansi, akatundu ali pamutu, ndipo pamandapo sanadzapondeponso.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Lamulo la pantchito lomwe ukuliona ngati lachabechabe, alipo amene analirira lisanakhazikitsidwe. Ndipo fungo lomwe iwe wasiya kulimva silinathe ayi, yazolowera ndi mphuno yako. Ife tatopa n'kunena, mwina akamva kwa inu asintha. Nkhaniyi tumizirani m'bale wanu uja amakonda kunena kuti "masiku awiri okha."