Mphuno za Woimbitsa Nyimbo

Asilikali a Chipwitikizi atalowa m'mudzi, mabanja atatu anabisala m'chigafa, kuseri kwa fodya wopachika. Munalinso bambo Davide, woimbitsa nyimbo kutchalitchi, amene mphuno zawo sizinkadziwa chilimwe kapena dzinja: zotsekeka, mamina chuchuchu.

Fwee. Fwee.

"Abambo, pumirani kukamwa," anawanong'oneza akazi awo, mayi Kristina, atafungatira khanda.

"Mayi, kupuma ndimaphunzitsa ndine."

Fwee.

Nsapato za asilikali zinaima panja.

Bambo Davide anayang'ana khandalo. Kenaka anatulukira kumbuyo, nathamangira m'chimanga akumina mokweza ngati lipenga. Nsapato zonse zinawalondola.

M'chigafa munangoti zii. Mayi Kristina anatchera khutu, kufunafuna phokoso limene akhala akulidandaula chikwatiwire.