Wometa Tsitsi ndi Kakalulu ka Moto ka Mwana Wake

Tasendezani mpando kuno, abale anga, mumve iyi. Anandiuza ndi munthu amene anaziona ndi maso ake.

Panali munthu wina wometa tsitsi, wa kashopu ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Anali ndi mwana wamkazi wokonda mpira kwadzaoneni, wothamanga moti anthu ankangomuti Mphepo. Akaweruka kusukulu ankakhala pabenchi ya makasitomala n'kumasewera gemu pafoni ya bambo ake, ija yogwira tinyama n'kumatilera. Pa tinyama take tonse, mtima unali pa kamodzi: konga kalulu, koyera, kofiira kunsonga kwa makutu, kaliwiro mpaka mapazi kuyaka moto. Anakatcha Kakhala, ndipo anayamba kukalera kali kakhanda.

Tsiku lina Mphepo anathyoka mwendo pampira, kuchipatala n'kumuika zitsulo. Foni inatsala ndi bambo chifukwa cha makasitomala, ndiye mwana anawapatsa malamulo.

"Adadi, Kakhala muzimudyetsa, muzimuponyera mpira. Koma batani la mivi iwiri lija musalikhudze. Ndi losinthanirana tinyama. Akapita kwa munthu wina, simungamuitanitse."

"Ndamva, mayi wanga."

Patapita masabata, adokotala anati mwana ayambe kuima ndi ndodo. Atayesa koyamba ululu unamulasa, anakuwa, basi osafunanso. Amayi ake ananyengerera, anamwino ananyengerera, iye kukana. Adokotala anachenjeza kuti akapitiriza kugona, mwendowo uuma.

"Ndidzaima tsiku limene Kakhala adzakule," anatero Mphepo. "Watsala pang'ono kusanduka wamkulu."

Mawu amenewa anawakhala bambo aja pamtima. Akangopeza mpata pantchito, foni m'manja, koma kanyamako osakula.

Ndiye kunabwera kasitomala wachilendo, wovala bwino, wakamwa lotsekemera. Atametedwa anasuzumira pafoni paja.

"Ha, madala, nanunso mumasewera?"

Mukudziwa ometa tsitsi, pakamwa sipatsekeka. Anamufotokozera zonse, za mwendo, za ndodo, za lonjezo la mwana.

"Zazing'ono zimenezo," anatero mlendoyo. "Mutumizeni mufoni mwangamu, ndili ndi chakudya chokulitsa msanga. Ndikupatsani kanga mugwirizire, kenako tibwezerana pompano. Mwana aima lero lomwe."

Nthawi yomweyo analowa mkazi wa wometa uja, atanyamula chakudya chopita nacho kuchipatala. Anamva zonse ali pakhomo.

"Bambo a Mphepo, mwana anati chiyani za batani limenelo?"

"Awa ndi akatswiri, mayi. Mwana sadziwa zonse."

"Mukuwadziwa?"

"Ndawagwira mutu wonse ndi manja angawa, ndilephere kuwadziwa?"

Mkazi anangopukusa mutu. Bambo anadina batani lija. Kakhala anadumpha kamodzi, n'kubayibitsa ndi kadzanja, n'kuzimirira. M'malo mwake munabwera kambozi kobiriwira, kowonda, kongogona.

"Muno netiweki ikuvuta, ndiime panja pang'ono," anatero mlendo uja. Chipewa chake anachisiya pampando, ndiye bambo mtima unali m'malo. Anasesa tsitsi, anapukuta makina, anasuzumira panja. Mumsewu munali anthu ambirimbiri, koma iye uja munalibe.

Panjira yopita kuchipatala bambo anati, "Bwanji timuuze kuti foni yafa?"

"Bodza limenelo mukanene nokha, ine ndikakhala panja," anayankha mkazi wawo.

Atalowa muwodi, Mphepo anatambasula dzanja. "Kakhala wadya?"

Bambo anagwada pambali pa bedi, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kunena zonse osabisa. Mwana anatembenukira kukhoma. Panapita nthawi, mapewa okha akugwedezeka.

"Popita analira?" anafunsa osacheuka.

"Ayi, mayi wanga. Anabayibitsa."

Apo ndiye analira mokweza. Atatopa anati, "Ndinakuuzani, adadi. Munamuperekeranji?"

"Ndimafuna uime. Ndikakuona uli gone apa, ine chakudya sichilowa. Ndinaona ngati ndapeza njira yachidule. Ndakulakwira, mwana wanga."

Mphepo anawayang'ana. Chibadwire anali asanaonepo misozi ya bambo ake. Anapukuta yake ndi nsalu yofunda.

"Tandionetsani chimene anakusiyirani."

Anamupatsa foni. Kambozi kaja kanadzutsa mutu, kanayesa kukwawa, n'kugwa chammbali.

"Mayo, kali ndi njala aka! Munthu uja samakadyetsa n'komwe." Anakapatsa chakudya, kanadya mwadyera. "Kamadziwa kuthamanga?"

"Sindikukhulupirira. Kuyambira masana kasuntha kamodzi kokha."

Mwana anaseka, mphuno ikadali yonyowa. "Ndiye tafanana." Anayang'ananso kambozi kaja. "Aka sindingakadikire kuti kakule, ndine ndiyenera kukaphunzitsa. Amayi, ndipatseni ndodo zija. Foni sungani inuyo, adadi manja awo ngoyabwa. Adadi, inu gwirani kuno."

Bambo anamugwira m'khwapa. Mwendo unanjenjemera, thukuta kamukamu, mano ataluma mlomo. Koma anaima. Anaima atatsamira pachifuwa pa bambo ake, ndipo amene ankanjenjemera kwambiri anali bambowo.

Kakhala sanabwererenso.

Phunziro: Chimene mwana wakusungitsani, ngakhale chioneke ngati choseweretsa, kwa iye ndi chuma, ndipo malangizo ake muwamvere ngati a munthu wamkulu. Mlendo wolonjeza njira yachidule amalowera pomwe mtima wanu ukupweteka, choncho chikondi chisakutsekeni makutu. Ndipo mukalakwira mwana, musamunamize. Gwadani, nenani zoona, ana amadziwa kukhululuka kuposa ife. Ngati nkhaniyi yakukhudzani, chonde ipatsireni kholo lina, mwina ingapulumutse kamtima ka mwana wina.