Kompyuta Yopanda Chingwe

Madzi Fyness anatunga kusanache. Matewera a Zikomo anali atayanikidwa kale, pabwalo posesasesa, mbale zili pathandala, nyemba zikubwata. Ntchito imodzi yokha ndiyo panalibe Loweruka limenelo: kukamangirira mbuzi kudambo. Khola la Fyness linali pululu.

M'malo mwake anakhala pabalaza, akupukuta laputopu yatsopano ndi nsonga ya chitenje.

Zonse zinayamba ndi kwaya. Amayi a kwaya ya mpingo wawo ku Lirangwe amajambula kanema akamaphunzira nyimbo, kenako Loweruka amakaonera kunyumba kwa mmodzi wa iwo kuti agwire amene akuphonya sitepe. Nyumba zokhala ndi TV yaikulu zinali ziwiri basi, ya Fyness ndi ya Getrude, neba wake. Ndiye amasinthana.

Kwa Getrude zinthu zimayenda ngati matsenga. Laputopu yake imakhala pakona, kutali ndi TV. Mwiniwake amangoidina ndi chala chimodzi, kwaya yonse balamanthu pagalasi.

"Nanga chingwe chili kuti?" anafunsa Mayi Jimu, mkulu wa kwaya, tsiku lina.

"Zingwe kuno tinasiya kalekale," anayankha Getrude, maso ali kwa Fyness. "Masiku ano chithunzi chimadutsa mumphepo."

Kwa Fyness chithunzi chimayenda pansi. Kompyuta yawo inali yoti mwamuna wake, Gracian, anachita kupatsidwa ndi abwana ake kubwalo la ndege atatopa nayo. Chingwe chakuda, chonenepa ngati chala, chimachokera patebulo n'kudutsa pakati pa balaza mpaka kuseri kwa TV. Tsiku lina Mayi Jimu anakodwa nacho, kapu ya thobwa ili m'manja. Thobwa pansi, chithunzi zii.

"Amake Zikomo, mwatiitanira kwaya kapena mwatitchera msampha?"

Amayi anaseka mpaka misozi. Getrude sanaseke. Anatenga chikolopa n'kuyamba kupukuta thobwalo mwachifundo, akupukusa mutu. Chifundo chimenecho ndicho chinamuwawa Fyness kuposa kuseka konse kuja.

Lolemba anabereka Zikomo, kompyuta m'chikwama, ulendo wa ku Chileka kwa Selemani wokonza mafoni. Selemani anaitsegula, anadinadina, kenako anaitseka mwaulemu ngati akufunditsa wodwala.

"Mayi, iyi ndi nkhalamba. TV yanu ilibe mlandu. Koma kompyuta zakale chonchi zilibe kachipangizo kotumizira chithunzi popanda chingwe. Ngakhale ndiikemo chiyani, siingamve. Komatu chingwe chanucho chikugwira bwinobwino. Vuto n'chiyani?"

Fyness anabwezera kompyutayo m'chikwama. Angamve chiyani mwamuna za kupukutiridwa thobwa m'nyumba mwako?

Gracian naye sanamve zoti agulitse mbuzi n'kugula laputopu yatsopano. "Make Zikomo, mbuzi zimenezo ndiye feteleza wathu chaka chino. Mvula ili pafupi. Chithunzicho tidya?"

Koma mbuzizo zinali zake Fyness, zochokera kwawo. Anadikira tsiku limene Gracian analawirira kuntchito, n'kuitana wopha mbuzi wa ku Mdeka. Madzulo ake laputopu yopyapyala, yasiliva, inali patebulo. Gracian anaiyang'ana, anasuzumira kukhola, anasamba m'manja n'kuyamba kudya.

Tsopano Fyness anaidinanso kachikenikeni. Chithunzi chinadumphira pa TV popanda chokhudza. Lero kwaya inali kwa Getrude, koma Loweruka likudzalo inali yake. Mawu oti adzanene anali atawakonza kale, ndipo amawabwereza chapansipansi akamatsuka mbale: "Dutsani momasuka, amayi, kuno kulibe misampha."

"Odi!"

Mawuwo anachokera kukhomo lakuseri. Anali Getrude, wopanda mpango kumutu, patapata wosiyana kumapazi. Chikhalirecho sanalowerepo kukhomo limenelo.

Mtima wa Fyness unavina. Wamva! Nkhani yafika, ndipo walephera kudikira Loweruka likudzalo.

"Lowani, amake Diana. Khalani apo, musaope, simukodwa."

Anatembenuza laputopu kuti iwale bwino. Anadina ndi chala chimodzi, chaching'ono dala. Kwaya inatulukira pa TV, Mayi Jimu patsogolo akuphonya sitepe mwachizolowezi.

"Yokongola," anatero Getrude. Koma maso ake sanali pa TV. Amayendayenda pansi pa tebulo, kuseri kwa mipando, m'mbali mwa khoma. Nsanje imeneyo, anaganiza Fyness. Munthu akapsa mtima sayang'ana chinthu maso ndi maso. Anakweza mawu a TV pang'ono kuti zimulowe bwino.

Getrude anasuzumira panja, anatseka chitseko, n'kusendera pafupi mpaka mpweya wake kumveka kukhutu.

"Asisi, chingwe chanu chakale chija mukadali nacho, si simukuchifunanso? Changa makoswe achidula kuseri kwa TV, ndiye amayi aja akubwera masana ano. Abambo a Diana anachibisa m'kangalande kukhoma n'kumatapo simenti. Musauze munthu, laputopu yathu ija ndi yakale kuposa yanu munasiya ija."

Mbuzi zinapita zonse, yabere yomwe. Munda wawo wa ku Chigaru unadzalidwa wopanda feteleza, Gracian anatha mwezi akudya choweramira m'mbale, ndipo chingwecho Getrude sanabweze mpaka lero.