Lachiwiri Lasanduka Lachitatu

"Kodi lero ndi lachingati?"

Mawuwo anachokera kuseri kwa khoma, kuchitolokosi, ndipo anali a aphunzitsi. Mkulu wa polisi anapitiriza kusakasaka cholembera m'dirowa. Mtsikana amene anakhala moyang'anana naye anaponya maso pawotchi ya pakhoma. Linali Lachinayi, nthawi itangodutsa 12 koloko masana.

Chitseko chinali chotseka. Pazenera panali zitsulo, ndipo malata ankathetheka ndi dzuwa. Foni ya mtsikanayo inali patebulo, pafupi ndi chigongono cha bwana. Chilowereni m'chipindamo m'mawa, mtsikanayo anali asanalawe kanthu, ngakhale madzi.

"Mwana wasukulu," anatero bwanayo atachipeza cholembera, "kuwerenga umadziwa. Werenga, usaine, uzipita kwanu."

Pepalalo linali lotayipa kale. Linkanena kuti iye anaona ndi maso ake aphunzitsi akumangidwa Lachitatu, 6 koloko madzulo. Linalembedwa mwaukhondo, popanda chofufuta. Cholakwika chinali tsiku lokha.

Aphunzitsi anamangidwa Lachiwiri, 2 koloko masana, pachipata cha khonsolo. Iwo ankaphunzitsa kalasi ya Loweruka, ya anthu obwereza mayeso, ndipo mtsikanayu ankakhala desiki yachiwiri. Pamutu wa ufulu wa nzika, aphunzitsi anati zolemba m'kope zakwana, tiyeni tiyese zenizeni. Kalasi inalemba chikalata chodandaula za mlatho umene unakokoloka zaka ziwiri zapitazo, moti ana asukulu ankawolokera pachipika. Anapita nacho kukhonsolo wapansi, ali ndi zikwangwani zitatu. Sanaponye mwala. Koma wapampando wa khonsolo anali ndi alendo tsikulo, ndipo anaimbira foni apolisi.

Ophunzira amene anagwidwa nawo, apolisi anawamasula dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi anatsala.

Mtsikanayo ankadziwa chimene tsiku limodzi linkatanthauza. Zinali m'kope lake, zodulidwa mzere wofiira kunsi: womangidwa aonekere kukhoti asanathe maola 48. Kuwerenga kuchokera Lachiwiri, maolawo ankatha lero 2 koloko, ndipo woweruza akanawapatsa belo. Kuwerenga kuchokera Lachitatu madzulo, ankatha Lachisanu khoti litatseka. Ndiye kuti aphunzitsi, ndi miyendo yawo yotupa ija, agona pasimenti mpaka Lolemba.

"Bwana, sikunali Lachitatu."

"Ndakufunsa za kalendala?"

Bwanayo anakoka pepala lina pansi pa faelo. Chinali chikalata cha mlatho chija. Anatsetsereka ndi chala m'mayina mpaka pa nambala seveni.

"Dzanja ili ndi la ndani?"

"Langa, bwana."

"Lako. Ndiye kusaina umatha. Ukuvutira chiyani pano?" Anamwetulira ngati malume pa ukwati. "Ine ndikukuthandiza, mwana iwe. Wapampando akufuna mkuluyu akhale pansi masiku angapo, aganize bwino. Basi. Palibe amene akumumenya. Ukasaina, nambala seveni iyi ine sindinaione. Ukakana, ndikutumiza kumene mayi ako azikuona kamodzi pachaka. Ndimawadziwa mayi ako, odwaladwala aja. Adzawaperekeza ndani kuchipatala?"

Mtsikanayo anatenga cholembera. Chinali chotafunidwa kumapeto.

Nthambi zitatu za boma aphunzitsi ankazifotokoza ndi mpira. Nyumba ya malamulo imalemba malamulo a masewero. Oyendetsa boma ndiwo amathamanga m'bwalo. Khoti ndi woimbira. "Mukadzaona wosewera atanyamula wezulo," ankatero akupukuta choko pathalauza, "dziwani kuti masewero atha, zatsala ndi ndewu." Kalasi inkaseka, n'kukopera. Funsolo linali la malikisi sikisi. Aphunzitsi sananene zochita ngati wosewerayo wanyamula wezulo, mpira, ndi wotchi yomwe.

Kuseri kwa khoma kunamveka kutsokomola.

"A bwana," anatero aphunzitsi, mawu atasasa, "ngati kumeneko kuli wophunzira wanga, mumuuze kuti ntchito ya kunyumba ija ndiifunabe Loweruka. Kumangidwa kwa mphunzitsi si holide."

"Wamva?" anatero bwanayo, osaseka. "Mpaka muno akuphunzitsa. Ndiye ukuti munthu wotere atuluke lero?"

Dzanja lalitali la wotchi linasuntha. Kukhoti unali ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi, kudzera mumsika, ndipo kalaliki ankatseka kaundula wa masana 1 koloko ikangokwana. Mtsikanayo anayang'ana malo osainapo. Wotayipa anali atamuikira kamtanda kakang'ono ndi pensulo, kuti asasochere.

Anaganiza za mayi ake pabenchi ya kuchipatala, kabuku kachikasu kali m'manja, akuyang'ana kukhomo. Anaganizanso za mayeso, amene anatsala milungu isanu, ndiponso funso limene likanabwera ndithu: tchulani maufulu atatu a munthu womangidwa. Akanawatchula onse atatu. Akanakhoza.

"Tafulumira," anatero bwanayo. "Ndili ndi nkhomaliro ndi anthu."

Mtsikanayo anagoneka cholembera pamwamba pa pepala, bwinobwino, kuti chisagubuduke. Anaimirira. Bwanayo anadzutsa mutu.

"Ndakuuza kuti uimirire?"

Mtsikanayo anavala chipewa chake cha upolisi, n'kumasula makiyi a chitolokosi palamba wake, pambali pa unyolo umene anamangira aphunzitsi ndi manja ake omwe Lachiwiri lija.

"Bwana," anatero kositabulo wamkaziyo, "ndikuwaperekeza kukhoti."